Agogo anapita ku nkhondo ya Chiwaya osabwerako: mafunso ndi mayankho kwa ofuna kudziwa komwe anatsikira

Chiyambireni kufufuza za amalume awo a agogo anga aakazi, amene anachoka kumudzi kwathu ku Chiradzulu mu 1916 osadzaonekanso, anthu akhala akundifunsa mafunso omwewomwewo, ena pa foni ena tikakumana pamaliro. Nde ndati bwanji ndingowayankha pamodzi. Agogo anga ankangoti "amalume anadyedwa ndi Chiwaya" basi nkhani nkuthera pomwepo, ndipo mawu amenewo ndi amene anandiyambitsa ulendo wonsewu. Chiwaya ndi dzina limene makolo ankatchulira nkhondo yoyamba ya padziko lonse.

Ndiyambire pati?

Kumudzi. Osati pa intaneti, osati ku Zomba, kumudzi kaye. Amene anaona nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ndi maso onse anatha, koma adzukulu awo alipo ndipo ambiri ndi okalamba zedi, chaka chilichonse tikumaika mmodzi. Pitani kwa azakhali aakulu, kwa amalume, kwa agogo aja amakhala pakhonde tsiku lonse anthu osawalabadira, mukhale nawo pansi bwinobwino, mupemphe kuti mujambule mawu pa foni. Osawafunsa chaka, chaka sakuuzani. Afunseni kuti munthuyo ankatchedwa ndani ali mwana, atavinidwa kapena atabatizidwa anapatsidwa dzina lanji, bambo ake anali ndani, mfunda wake, mfumu ya nthawi imeneyo inali iti, anachoka atakwatira kale kapena ayi, ananyamuka ndi ndani, ndipo mwa anzakewo anabwerako ndani. Funso lomalizali ndi lofunika kwambiri chifukwa uthenga wa maliro nthawi zambiri sunkabwera ndi kalata, unkabwera ndi mnzake wopulumuka, nde banja la mnzakeyo mwina likusunga mbali ya nkhani imene kwanu inatayika. Ine dzina la malo loti "Lindi" ndinalimva kubanja lina la mudzi woyandikana nafe, kwathu panalibe amene ankalidziwa.

Akuti anapita kunkhondo, ndiye kuti anali msilikali eti?

Osati nthawi zonse, ndipo apa ndi pamene kafukufuku wanu agawikire pawiri. Kuchokera ku Nyasaland, amene anavala yunifolomu ya King's African Rifles (KAR), aja makolo ankati a Keyala, anali pafupifupi 19,000. Koma amtengatenga, onyamula katundu pamutu, anali pafupifupi 200,000. Kutanthauza kuti m'mabanja ambiri amene amati agogo anapita kunkhondo, agogowo anasenza ufa, mpunga, mabokosi a zipolopolo ndi machila a odwala, katundu wolemera makilogalamu 25 kapena kuposa, kukwera naye mapiri a kumpoto kwa nyanja opanda nsapato. Ambiri sanapite mwakufuna, ankachita kugwidwa, amesenjala a boma akafika pamudzi mfumu inkayenera kupereka anthu, ikakanika inkaona zakuda, ndipo amuna ena ankathawira kutchire.

Msilikali anali ndi nambala, bataliyoni, ndipo dzina lake linkalowa m'kaundula wa malipiro ndi wa mendulo. Mtengatenga nthawi zambiri ankangowerengedwa ngati chiwerengero. Nde ngati m'banja mukunenedwa za mfuti, chisoti cha usilikali, pelete, sajeni, kopolo, muli ndi poyambira. Ngati kukunenedwa za kusenza ndi njala ndi chikoti, njira yanu ikhala yovutirapo, koma musaileke.

Anakamenya ku France m'ngalande zija timaona pa zithunzi?

Ayi. A Keyala sanatumizidwe ku Ulaya pa nkhondo yoyamba. Nkhondo yathu inali ya kuno konkuno, kulimbana ndi Ajeremani amene ankalamulira dziko lomwe pano ndi Tanzania, motsogoleredwa ndi Paul von Lettow-Vorbeck. Inayambira panyanja pa 13 Ogasiti 1914 pamene sitima ya Guendolen inakaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli. Kenako pa 9 Seputembala 1914 kunachitika nkhondo ya ku Karonga, ndipo imfa za asilikali akuda kumeneko ndi zina mwa zimene zinamupweteka mtima John Chilembwe mpaka kulemba kalata yake ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala chaka chomwecho, kudandaula kuti amphawi akufera nkhondo yosakhala yawo nkusiya amasiye. Mu Meyi 1916 gulu la General Edward Northey linadutsa malire kulowa dziko la Ajeremani kuchokera ku Karonga ndi ku Northern Rhodesia. Pa 25 Novembala 1917 Lettow-Vorbeck anawoloka Ruvuma kulowa Mozambique, anthu athu nkumamuthamangitsa m'menemo pafupifupi miyezi khumi, mpaka anakagonja ku Abercorn, lero Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918, patadutsa masabata awiri nkhondo itatha kale ku Ulaya.

Akuda a kuchigawo chino amene anafika ku France anali a gulu la antchito lochokera ku South Africa, aja ena anamira ndi sitima ya Mendi mu Febuluwale 1917, ndipo iwowo sankapatsidwa mfuti.

Nanga nkhani yoti anafera m'ngalande ikuchokera pati?

Ikhoza kukhala yoona ndithu, chifukwa ngakhale nkhondo ya kuno inali yoyendayenda, panali malo amene anthu anakumba maenje nkukhalamo masiku akuomberana pafupipafupi. Atatu awa muwasunge.

Kibata, m'mapiri a Matumbi kumtunda kwa Kilwa, mu Disembala 1916. Asilikali a 2 KAR, gulu lachiwiri la a Keyala, amene ambiri anali ochokera kuno, pamodzi ndi asilikali a ku India ndi a ku Gold Coast anapanikizidwa pa timapiri tozungulira linga la miyala limene Ajeremani anamanga. Ajeremani anabwera ndi mizinga, wina wochotsedwa pa sitima yawo yankhondo ya Königsberg, nkumaponya pa ngalande zija. Mvula inali ili mkati, maenje odzadza matope, malo ena adani ali pafupi moti mabomba ankachita kuponyerana pamanja usiku. Amene amalemba za nkhondo ya kuno amati Kibata ndi komwe kunafanana kwambiri ndi za ku France.

Narungombe, pa 19 Julayi 1917, kum'mwera kwa Kilwa. Apa nkhani inali madzi, Ajeremani anakumba ngalande kutchinjiriza zitsime ndipo a Keyala amayenera kuwalowera poyera. Udzu unali wouma, unagwira moto mkati mwa kuomberana, ovulala ena osatha kuthawa anapsera momwemo. Ndikamawerenga za tsiku limeneli ndimasiya kaye pang'ono.

Mahiwa, pafupi ndi Nyangao kumtunda kwa Lindi, kuyambira 15 mpaka 18 Okutobala 1917. Iyi ndi imene inapha ndi kuvulaza anthu ambiri pa nkhondo yonse ya kuno, mbali ya Angelezi anthu pafupifupi 2,700 mwa 4,900 anafa, kuvulala kapena kusowa. Munali asilikali a ku Nigeria komanso mabataliyoni a 2 KAR, ankapita kutsogolo mobwerezabwereza kukakumana ndi mfuti za chiwaya zobisika m'maenje. Mawu aja oti "Lindi" nditawamva kumudzi, kuno ndi komwe maganizo anga anathamangira, ndipo mpaka pano ndimakhulupirira kuti amalume awo a agogo anatsalira chakumeneko, chifukwa chaka chimene anachoka ndi njira imene mnzawo uja ankafotokoza zikugwirizana.

Palinso Lioma ku Mozambique kumapeto kwa Ogasiti 1918, kumene bataliyoni ya 1/1 KAR inazingidwa mumsasa wake wokumbidwa nkulimba tsiku lonse. Kumeneko si kutali ndi malire athu a ku Mulanje ndi Phalombe.

Manambala awa 1/1, 1/2, 3/2 akutanthauza chani?

Nambala yachiwiri ndi gulu lalikulu, yoyamba ndi bataliyoni ya m'gululo. Nde 3/2 KAR ndi bataliyoni yachitatu ya gulu lachiwiri. A ku Nyasaland ambiri anali mu 1 KAR ndi 2 KAR. 3 KAR inali ya ku Kenya, 4 KAR ya ku Uganda. Mukadziwa bataliyoni mwadziwa njira yonse imene munthu wanu anayenda.

Dzina lawo ndingalione pati?

Poyamba pa chipilala cha KAR ku Zomba, nsanja ya njerwa yokhala ndi wotchi ija ili pafupi ndi Cobbe Barracks mukamalowa mu tauni kuchokera ku Blantyre. Pali maina opitirira 1,000 a asilikali a 1 KAR ndi 2 KAR amene anafa pa nkhondo yoyamba. Anthu timangodutsa pa minibasi osadziwa kuti mwina dzina la kwathu lili pomwepo. Pitani masana kukuwala, mujambule mbali zonse osati pamene mukuganizira pokha, mukaone bwino kunyumba. Poti ndi pafupi ndi malo a asilikali, yambani mwapempha musanatulutse foni.

Kachiwiri pa webusaiti ya Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda ndi maina a ofera kunkhondo, kufufuza kwake nkwaulere. Mumalemba dzina, kusankha nkhondo yoyamba, nkuika King's African Rifles pa gulu. Ikakupezerani imakupatsani nambala, udindo, tsiku lomwalira ndi malo amene akukumbukiridwa. Tsikulo ndiye chuma, chifukwa mukaliika pambali pa mbiri ya bataliyoni mumadziwa komwe anali.

Ndalemba dzina koma palibe chatuluka, ndiye kuti nkhaniyi ndi yabodza?

Ayi ndithu, musafulumire kuwatsutsa agogo anu. Choyamba, dzina limene mukulidziwa inu mwina si limene analembetsa. Ambiri ankalembedwa dzina limodzi lokha, ena dzina lawo ndi la bambo awo, ena ankapereka dzina lantchito limene ankadziwika nalo ku esiteti, ena dzina lachilendo dala. Masiku amenewo kunalibe zoti banja lonse likhale ndi dzina limodzi lotsiriza ngati lero, nde kulemba Banda kapena Phiri sikungakuthandizeni kwenikweni. Chachiwiri, wolembayo anali mzungu kapena kalaliki wolemba mmene wamvera, L ndi R amasinthana, W ndi B amasinthana, "ch" pena ndi "c", dzina ngati Saidi mukhoza kulipeza lili Sayidi kapena Seidi. Yesani kalembedwe kalikonse kamene mungaganize.

Chachitatu ndi chowawa. Anthu ambiri akuda sanalembedwe nkomwe. Mu Epulo 2021 bungwe la manda lija linatulutsa lipoti lovomereza lokha kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, makamaka a kum'mawa kwa Africa ndi ku Egypt, sanakumbukiridwe ndi dzina kapena sanakumbukiridwe nkomwe, pamene azungu ankapatsidwa mwala wawo kapena kulembedwa dzina pa chipilala. Nduna ya zachitetezo ya Britain panthawiyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Akuluakulu a nthawi ya atsamunda ankati munthu wakuda sangamvetse tanthauzo la mwala wa pamanda, ife amene timasesa kumanda chaka ndi chaka, ife amene sititchula dzina la malemu mwachibwana. Ndi chifukwa chake zipilala za ku Dar es Salaam, Nairobi ndi Mombasa zili ndi chifanizo cha msilikali koma opanda maina. Chiyambire lipoti lija bungweli lakhala likufufuza maina otsala nkumawaonjezera, nde ngati munayesa zaka zapitazo yesaninso.

Kunyumba kuli mendulo yakale, ingathandize?

Kwambiri! Musaikweche ndi mchenga kapena phulusa chonde. Itembenuzeni muone m'mphepete mwake mozungulira, mendulo za nkhondo yoyamba, British War Medal yasiliva ndi Victory Medal yachikasu, zimakhala ndi nambala, udindo, dzina ndi gulu zodindidwa pamenepo timalemba ting'onoting'ono. Jambulani ndi foni nkukulitsa. Nambala imeneyo ndi yodalirika kuposa dzina, maina amafanana koma nambala pamodzi ndi bataliyoni zimaloza munthu mmodzi. Funsaninso za kabuku kotulukira usilikali, chikwama chakale, ngakhale mabatani a yunifolomu, azimayi achikulire amasunga zinthu zotere pansi pa sutikesi osauza munthu.

Nanga mapepala enieni ali kuti?

Malo awiri akuluakulu. National Archives of Malawi ku Zomba ili ndi mafayilo a boma la atsamunda, mabuku a maboma ndi makalata a mamishoni. Dziwani kuti mu 1919 ofesi yaikulu ya boma ku Zomba inapsa ndipo mapepala ambiri a zaka za nkhondo anapita ndi moto, nde zambiri zimene zilipo ndi zolembedwa pambuyo pake kapena zochokera m'maboma. Pofufuza gwiritsani maina akale, Mangochi ndi Fort Johnston kapena South Nyasa, Nsanje ndi Port Herald, Karonga ndi North Nyasa, Mzimba ndi Mombera, Lilongwe ndi Dedza zinali mu Central Angoniland. Tsidya linalo Tukuyu ndi Neu Langenburg, Manda ndi Wiedhafen, Chipata ndi Fort Jameson.

Kwina ndi The National Archives ku Kew, London. Kumeneko kuli makaundula a mendulo pansi pa WO 329 ndi mabuku a tsiku ndi tsiku a mabataliyoni pansi pa WO 95. Ngati muli ndi m'bale ku Britain mutumeni, kulowa nkwaulere bola akhale ndi ziphaso zotengera khadi lowerengera. Koma ndikuchenjezeni za mabuku amenewa kuti mtima usadzasweke: ofesala wachizungu akavulala ngakhale pang'ono amatchulidwa dzina, pamene asilikali akuda amangolembedwa kuti afa angapo, avulala angapo. Dzina la agogo anu mwina simulipezamo, chimene mupeze ndi tsiku lawo lomaliza, kuti kunagwa mvula kapena ayi, anayenda mtunda wotani, chakudya chinalipo kapena chinatha, kuombera kunayamba nthawi yanji. Kwa ine zimenezo zinali zambiri.

Ku Blantyre kuli layibulale ya Society of Malawi ku Mandala House. Ndipo funani buku la Melvin Page lotchedwa The Chiwaya War, iyeyu ndi ophunzira ake anayenda m'midzi m'zaka za m'ma 1970 kucheza ndi asilikali akale ndi amtengatenga adakali moyo, nde muli mawu a anthu athu eniake. Musaiwalenso mabuku a mpingo, ngati munthu wanu anali mkhristu wa ku Blantyre Mission, Livingstonia, Nkhoma kapena Likoma, kaundula wa ubatizo pena amakhala ndi kamzere kosonyeza kuti anamwalira.

Manda awo tingakawaone?

Kunena zoona, kwa ambiri ayi. Ofera kunkhondo ankaikidwa pomwepo, pena m'ngalande yomweyo, amtengatenga ankatsala m'mbali mwa njira. Nkhondo itatha mitembo ya azungu inafukulidwa nkusonkhanitsidwa m'manda osamalidwa bwino ngati a ku Dar es Salaam, manda a akuda ambiri anangosiyidwa tchire nkumera. Ku Karonga kuli manda a nkhondo a Angelezi ndi Ajeremani amene anafa mu 1914, mukhoza kukaona. Chimene mungathe ndi kupeza dera, monga Mahiwa kapena Kibata, ndipo ena amapita kukaima pamalopo nkupemphera.

Kwathu amati anamenyera mbali ya Ajeremani, ena amati analowera ku Halale. Zingatheke?

Zonse ziwiri zingatheke ndipo palibe chochititsa manyazi. Mu 1911 Angelezi anathetsa 2 KAR pofuna kupulumutsa ndalama, nde asilikali ena odziwa ntchito atasowa chochita anawoloka malire kukalembedwa kwa Ajeremani amene ankalipira bwino. Nkhondo itabuka anapezeka akuomberana ndi anzawo akale. Za ku Halale, mu 1916 kunakhazikitsidwa Rhodesia Native Regiment ndipo ambiri amene analowamo anali amuna ochokera kuno amene ankagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu. Ngati ndi choncho mapepala ake mukawafune ku National Archives of Zimbabwe ku Harare, pa chipilala cha ku Zomba simuwapeza.

Kodi onse anafa ndi zipolopolo?

Ochepa. Ambiri anatha ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala, makamaka amtengatenga amene ankagona pamtetete m'mapiri ozizira atavala kansalu kamodzi. Mbali ya Angelezi yokha amtengatenga pafupifupi 95,000 anafa m'chigawo chonse cha kum'mawa kwa Africa. Kenako kumapeto kwa 1918 kunabwera fuluwenza, inapha anthu m'misasa akudikira kubwerera kwawo, ena inawapeza ali panjira, ena anafika nayo kumudzi. Nde mukapeza tsiku lomwalira lili mu Novembala kapena Disembala 1918, kawirikawiri ndi imeneyo. Banja likhoza kumanena kuti anaomberedwa chifukwa ndi mmene uthenga unafikira, musakakangane nawo azakhali pa zimenezi, lembani zonse ziwiri.

Mwina tikusokoneza ndi nkhondo yachiwiri?

Zimachitika kwambiri. Mverani maina a malo. Mukamva Abisiniya, Somaliland, Madagascar, Ceylon, India kapena Burma, imeneyo ndi ya 1939 mpaka 1945, ya Hitler. Mukamva Malaya ndi za m'ma 1950. Mukamva Lindi, Kilwa, Songea, Tabora, Iringa kapena kwa Apwitikizi, ndi yoyamba. Ya Hitler ndi yosavutirapo kufufuza chifukwa ofera ku Burma ndi kwina ambiri ali ndi maina awo m'kaundula wa bungwe la manda lija.

Tikapeza umboni, pali ndalama imene banja lingalandire?

Funso ili limabwera nthawi zonse ndipo ndimalimvetsa, anthu anavutika osalipidwa mokwanira. Koma kafukufukuyu musamuyambe ndi chiyembekezo cha ndalama, thandizo limene mabungwe a asilikali akale amapereka limapita kwa asilikali amene ali moyo ndi akazi awo amasiye, osati kwa zidzukulutudzi za a 1917. Wina akakuuzani kuti mumupatse kangachepe akutsegulireni fayilo ya chipukuta misozi cha nkhondo ya Ajeremani, musapereke.

Zimene ndapezazo ndichite nazo chani?

Zibwezereni kumudzi komwe munazitenga. Lembani pa pepala m'Chichewa, dzina lonse la munthuyo ndi maina ake ena, mudzi, mfumu, chaka chonyamuka, amene anakuuzani chilichonse ndi tsiku limene anakuuzani, ndipo musiyanitse zimene mwaona zolembedwa ndi zimene mwamva ndi zimene mukungoganizira, kuti wobwera pambuyo panu asadzasokonezeke. Pangani makope angapo, ena kwa amalume, ena kwa achemwali, mawu ojambula aja muwatumize kwa abale angapo foni isanatayike. Ngati muli ndi nambala kapena pepala losonyeza kuti munthu anafa pa usilikali koma m'kaundula mulibe, alembereni a Commonwealth War Graves Commission, amalandira umboni wotere.

Ife chaka chatha mu Novembala, Lamulungu lija anthu amavala duwa lofiira pokumbukira ankhondo, tinasonkhana kumudzi pansi pa mtengo wa mango wa pabwalo, azakhali aakulu anatchula dzina la amalume aja katatu, tinaimba nyimbo imodzi, kenako tinakaika kamwala kolembedwa dzina lawo pambali pa manda a mlongo wawo, amayi awo a agogo anga, amene akuti mpaka ukalamba wawo ankati akamva beni ikulira patali amatuluka m'nyumba kukaima panjira.